Kodi kuphunzitsa ana vayolini ndiko kukwirira maloto?

Imelo yanu, achimwene, yatha masiku 9 osayankhidwa. Ndinaiwerenga usiku womwe inafika, ndinatseka kompyuta, tulo osabwera mpaka kunja kuyera. Mwalemba muli ku Cape Town kuti munamaliza digiri ya nyimbo, mwayesa katatu mayeso olowera mu okestra (gulu lalikulu la oimba zipangizo) osatengedwa, ndipo tsopano sukulu ina ya pulayimale ikukufunani kuti muziphunzitsa ana vayolini. Funso lanu ndi la mzere umodzi: "Ndikavomera ntchitoyi, kodi sindiye kuti ndavomereza kuti ndalephera?"

Funso lomwelo ndinadzifunsa ndine zaka zoposa 20 zapitazo, nditakhala m'galimoto yozizira panja pa sukulu ina kumpoto kwa England. Choncho mundilole ndiyambire kutali.

Agogo anga aamuna, kwathu ku Dedza, ankaliza kaligo. Chinali chipangizo chosagwira maso: kachipika kogobedwa m'kati, pamwamba pokutidwa ndi chikopa cha ng'azi, mtengo wautali, nsambo imodzi yokha, ndi kauta kamene ankakapaka utomoni. Madzulo tikatha kudya ankakhala pakhonde n'kumaimba, kaligoyo akutsatira mawu awo ngati anthu awiri amene akukambirana nkhani yolemera. Ine ndinkakhala pambali pawo kuyang'ana zala. Tsiku lina anandipatsa, anandigwira chigongono, n'kunena kuti, "Usamukanikize, mwanawe. Uzimunyengerera." Ndakhala pamapazi pa aphunzitsi a mayina, koma za dzanja logwira uta palibe amene anandifotokozera bwino kuposa pamenepo.

Vayolini ndinaigwira koyamba ndili ndi zaka 14. Pasukulu yathu ya mishoni panali wansembe wina wokalamba wochokera ku Ulaya amene ankaisunga m'kabati, nsambo ziwiri zitaduka. Ataona kuti ndimangozungulira kabatiyo, anaitanitsa nsambo pa positi, ndipo tinadikira miyezi itatu. Ankandiphunzitsa Loweruka masana. Nsambo ya E, yopyapyala ija, ikaduka, ndinkaphunzira pa zitatu zotsalazo mpaka ina ifike. M'dzinja chinyezi chinkafewetsa guluu, vayolini n'kuyasama m'mbali, ife n'kumaimanga ndi ulusi kuti igwirane. M'dera lonselo sindinkadziwa wina woimba vayolini, choncho aliyense wondimva pa Misa ankati ndine katswiri, ndipo ndinakhulupirira ndi mtima wonse.

Ndinafika ku England ndili ndi zaka 22, pa thandizo la anthu a mpingo. Loweruka loyamba ndikudutsa m'khonde la koleji ndinamva wina akuimba Bach kuseri kwa chitseko, mawu oyera moti ndinaima chilili. Ndinati ameneyu ndi mmodzi wa aphunzitsi. Chitseko chitatseguka anatuluka mtsikana wa zaka 13, wa m'kalasi la ana a Loweruka, mayi ake atamunyamulira chikwama. Anayamba ali ndi zaka 4. Ndinabwerera kuchipinda kwanga, ndinakhala pabedi vayolini ili pamiyendo, osaitsegula mpaka mdima.

Sindinagonje. Ndinkayeserera maola 6 pa tsiku mpaka phewa lakumanzere linayamba kuwawa, ndipo nditamaliza ndinalowa mumsewu womwe mwalowa inuwu. Kwa owerenga amene simukuwadziwa mayesowa: okestra ikakhala ndi mpando umodzi wopanda munthu, amabwera oimba ambirimbiri, ena kuchokera kumayiko akutali. M'malo ambiri oweruza amakhala kuseri kwa chinsalu kuti asaone nkhope. Umaimba chiyambi cha concerto (nyimbo ya woimba mmodzi moperekezedwa ndi okestra) ya Mozart, kenako tizigawo tovuta ta nyimbo za okestra, monga tsamba loyamba la Don Juan ya Richard Strauss limene aliyense woimba vayolini amalilota usiku. Mphindi 10 sizikwana. Umangomva mawu amodzi kuseri kwa chinsalucho, akuti zikomo, basi watuluka. Ine ndinamva zikomo ameneyo kasanu ndi kawiri.

Ndikuuzeni chimene palibe anandiuza nthawi imeneyo. Okestra yaikulu imakhala ndi mavayolini pafupifupi 30, ndipo munthu akapeza mpando amatha kukhalapo mpaka imvi. Mpando umatseguka wina akapuma pantchito, akasamuka kapena akamwalira. Ku South Africa kumene muliko, ma okestra olemba anthu ntchito yokhazikika sadzaza zala za dzanja limodzi. Kukanidwa katatu m'dziko lotero sikukunena zambiri za manja anu. Kukunena za kuchepa kwa mipando.

Koma ine sindinaziwerenge choncho. Ndinatenga ntchito yophunzitsa chifukwa lendi inkafunika, ndipo ndinaitenga ndi mtima wowawa. Ndinkayenda sukulu ndi sukulu, kumbuyo kwa galimoto kutadzaza timavayolini ta ana, ena a kota, ena a theka. Ana anayi nthawi imodzi, mphindi 20, m'kachipinda kosungira mipira. Ndinkawatchunira nsambo, ndinkawaika zala, ndinkawerenga wani, thu, fili, folo, koma mtima unali kwina. Munthu akandifunsa ntchito yanga ndinkati ndine woimba, kuphunzitsaku ndikungogwirizira. Zaka zitatu ndinagwirizira.

Panali kamtsikana kena ka zaka 9, kofatsa, kamene dzanja lake la uta linali lomasuka mwachibadwa, ngati la agogo aja. Teremu yachiwiri sikanabwerenso. Mayi ake anandipeza pamalo oimika magalimoto kudzabweza vayolini. Sanakalipe. Anangonena kuti mwanayo akuti akamaimba, aphunzitsi amayang'ana pawindo. Anandipatsa chikwamacho n'kumapita. Ndinalowa m'galimoto, ndinakhala momwemo mpaka mawindo achita nthunzi. Mwanayo ankanena zoona. Ndinkayang'anadi pawindo, kuganiza za mipando imene sindinakhalepo, mwana wa eni ake akundiimbira ndi mtima wake wonse pamaso panga. Mpaka lero nkhope yake ndimaikumbuka, ndipo sindinapeze mwayi womupepesa.

Ndi m'miyezi imeneyo pamene ndinayamba kuwerenga za moyo wa Yehudi Menuhin, katswiri wotchuka wa vayolini, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa nkhani yake anthu amaikamba theka.

Theka lodziwika ndi ili. Anabadwira ku New York mu 1916, kwa makolo achiyuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya, ndipo anakulira ku San Francisco komwe anaphunzira kwa Louis Persinger. Mu 1927, ali ndi zaka 11, anaimba concerto ya Beethoven ku Carnegie Hall. Mu April 1929 anaimba ma concerto atatu usiku umodzi ku Berlin, a Bach, Beethoven ndi Brahms, Bruno Walter akutsogolera. Mu 1932, ali ndi zaka 16, anajambula concerto ya Edward Elgar ku London, mwini nyimboyo, nkhalamba ya zaka 75, atagwira kandodo kotsogolera okestra. Chimbale chimenecho anthu akuchimverabe. Ngati panali munthu amene sakanafunika kuphunzitsa mwana aliyense kuti adye, ndi ameneyu.

Theka lina ndi limene linandigwira. Ali mwana anamutengera ku Brussels kwa Eugène Ysaÿe, mmodzi mwa akuluakulu a vayolini a nthawiyo. Mnyamatayo anaimba nyimbo yovuta bwinobwino. Kenako Ysaÿe anamupempha chinthu cha m'kalasi, arpeggio ya A major, kukwera ndi kutsika basi, ndipo zala zinasochera. Mkuluyo anamulangiza kuti akalimbikire masikelo. Menuhin sanakhale naye, anapita kwa George Enescu ku Paris, kenako kwa Adolf Busch, ndipo anapitiriza kuimba ndi mphatso yokha, osadziwa kuti manja ake akuchita chiyani. Atakula mphatsoyo inayamba kuterereka. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anaimbira asilikali makonsati oposa 500, thupi linatopa, ndipo dzanja la uta linayamba kumuvuta. Munthu amene dziko lonse linkamuombera m'manja anakhala pansi n'kuyamba kudzifunsa mafunso a mwana woyamba kumene: chala ichi chimagwa bwanji pansambo, kulemera kwa mkono kumachokera kuti, phewa limamasuka bwanji. Mu 1952 ali ku India anakumana ndi B.K.S. Iyengar, mphunzitsi wa yoga, ndipo anaphunzira kwa iye za kapumidwe ndi kaimidwe ka thupi kwa zaka zambiri.

Sukulu yake anaitsegula mu 1963, ndipo posakhalitsa inakhazikika ku Stoke d'Abernon m'chigawo cha Surrey, komwe ilipo mpaka pano. Nigel Kennedy, Tasmin Little ndi Nicola Benedetti anadutsa pamenepo. Ine ndimakhulupirira kuti mwana wa 1927 uja sakanatha kuphunzitsa munthu. Akanamuuza chiyani, poti iye zinkangochitika? Amene anatha kuphunzitsa ndi bambo amene anathyokapo n'kudzimanganso chala ndi chala. Nditazindikira zimenezi ndinaona kuti zaka zanga zovutika, kuyamba mochedwa, phewa lowawa, kuphunzira ndili wamkulu zimene anzanga anayamwira, ndizo zinali chuma changa chokha m'kachipinda ka mipira kaja. Mwana akamalephera kusuntha dzanja kuchoka pa malo oyamba kupita pa achitatu pakhosi la vayolini, ine ndimadziwa pamene pakumanga, chifukwa panandimangapo ndili ndi nzeru zoti ndikumbukire. Inunso, achimwene, mwagwa katatu. Mukudziwa mmene mantha amaumitsira chala chachikulu cha kumanja uta n'kuyamba kunjenjemera. Pali ana amene adzafuna munthu wodziwa zimenezo.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa sindingatchule munthuyu osanena izi. Mu July 1945 iye ndi Benjamin Britten anapita kukaimbira anthu amene anapulumuka ku msasa wozunzirako anthu wa chipani cha Nazi wa Bergen-Belsen. Patapita zaka ziwiri anabwerera ku Berlin kukaimba ndi Wilhelm Furtwängler, wotsogolera okestra amene anapitiriza ntchito ku Germany mu ulamuliro wa Nazi, ndipo Ayuda anzake ambiri anamukwiyira kwambiri. Anaimba ndi Ravi Shankar, anaimba jazi ndi Stéphane Grappelli, ndipo mu 1977 anayambitsa Live Music Now, bungwe lotumiza oimba achinyamata kuzipatala, kundende ndi kunyumba za okalamba. Kwa iye holo ya anthu ovala masuti sinali malo okhawo oyenera vayolini. Ife ndife amene tinaphunzitsidwa kuti kunja kwa holoyo kuli manyazi.

Ndipo apa ndiye pamene ndimapsa mtima. M'makoleji a nyimbo mumayenda mzimu woti pamwamba pali woimba payekha, pansi pake wa mu okestra, ndipo pansi penipeni, pamene amagwera otsala, pali mphunzitsi. Palibe amazilemba pabolodi, koma mwana aliyense amazimva. Ndi bodza, ndipo ndi bodza lowononga. Antonio Vivaldi analembedwa ntchito mu 1703 ngati mphunzitsi wa vayolini ku Ospedale della Pietà, nyumba yolerera ana osiyidwa ku Venice, ndipo ma concerto ake ambiri analembera atsikana a pamenepo. Leopold Auer anaphunzitsa ku St Petersburg zaka pafupifupi 50, ndipo m'manja mwake munatuluka akatswiri a vayolini Jascha Heifetz, Mischa Elman ndi Nathan Milstein. Dorothy DeLay anasiya kuyendayenda ndi makonsati akadali wamng'ono, nakhala m'kalasi ku Juilliard, sukulu ya nyimbo ku New York, ndipo Itzhak Perlman, Midori ndi Sarah Chang ndi ena mwa ophunzira ake. Chotsanipo anthu amenewa muone ngati holo zija zikhala ndi woimbamo.

Simukufunikanso kuyang'ana kutali. Ku Diepkloof, ku Soweto, kuli Buskaid, sukulu imene Rosemary Nalden, woimba viola wa ku Britain, anayambitsa mu 1997. Samson Diamond anakulira pamenepo, anapita kukaphunzira ku Manchester, ndipo anabwerera kwawo kukatsogolera Odeion String Quartet ku Bloemfontein. Alipo amene anamugwira chigongono tsiku loyamba, ali mwana wosadziwa ngakhale kugwira uta.

Choncho ndinene mosapsatira. Ngati mukalowe m'kalasi muja mukuona anawo ngati chilango chanu, musapite. Kagwireni ntchito ina iliyonse, kagulitseni m'sitolo, kaimbeni m'maukwati, koma musakhudze ana. Mwana wa zaka 7 amamva kunyozedwa ngakhale simunatsegule pakamwa, ndipo amaganiza kuti vuto ndi iye. Mmera mpoyamba. Mphunzitsi woyamba ndi amene amaika chala chachikulu pamalo pake, ndi amene amachititsa kuti mwana akonde kapena adane ndi kulira kwa nsambo moyo wake wonse. Zimene waononga woyamba, mapulofesa amatha zaka akukonza, ndipo zina sizikonzeka. Ndi ntchito ya akatswiri, ndipo timaipereka kwa anthu okhumudwa ngati mmene ndinalili ine.

Za kandodo

Kumapeto kwa imelo mwatchula kuti nthawi zina mumaganiza zotsogolera okestra, koma mukuona ngati khomo limenelo ndi la anthu ena. Kale, kandodo kasanafale, okestra inkatsogoleredwa ndi woimba vayolini woyamba, atakhala pampando pake, akulozera anzake ndi uta ndi mutu. Kuno ku Britain mpaka lero dzina la udindo wake limatanthauza mtsogoleri. Neville Marriner anali woimba vayolini mu London Symphony Orchestra pamene anasonkhanitsa anzake n'kuyambitsa Academy of St Martin in the Fields chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo poyamba ankawatsogolera vayolini ili pachibwano. Menuhin nayenso, manja atayamba kukana, anatsamira kwambiri pa kandodo, ndipo imfa inamupeza ku Berlin mu March 1999 ali paulendo wokatsogolera okestra, ali ndi zaka 82.

Ine kandodo ndinakagwira chifukwa cha ana. Amene ankatsogolera okestra ya ana ya Loweruka anadwala, ndipo panalibe wina. Ndinaima patsogolo pa ana 40, theka lawo nsambo zosatchuna, ndipo ndinaphunzira m'mawa umodzi kuti dzanja likakhala losamveka, nyimbo imagwa pomwepo. Akatswiri amakubisira zolakwa zako chifukwa amatha kuimba okha. Ana sabisa. Ukapuma molakwika asanayambe, amalowa mobalalika. Ndinakumbukira akwayamasita a kwathu, amene amaphunzitsa mawu anayi ndi solofa ya pabolodi yokha, popanda piyano, ndipo kwaya yonse imapuma nthawi imodzi poyang'ana nsidze zawo. Ndinaba zambiri kwa iwo. Lero ndimatsogolera okestra ya achinyamata ndi ina ya akuluakulu oimba mongokonda, madokotala, oyendetsa mabasi, agogo opuma pantchito. Palibe koleji imene ikanandipatsa gulu loti ndiziphunzirapo mlungu ndi mlungu kwa zaka zonsezi. Sukulu ya pulayimale imene ikukuitananiyo, mukaigwira bwino, m'zaka zitatu idzakhala ndi kagulu ka nsambo, ndipo woima patsogolo mudzakhala inu.

Sindikubisirani zowawa zake. Manja amabwerera m'mbuyo. Ukatha tsiku lonse ukuimba pa malo oyamba pang'onopang'ono, madzulo zala zimakhala zolemera ndipo mtima sufuna kutsegulanso chikwama. Khutu nalo limazolowera mawu okhota, moti umayamba kulekerera F sharp wotsika amene kale akanakudzidzimutsa. Ndinataya zaka zingapo mwa njira imeneyi, ndipo zina zimene ndinkatha ndili ndi zaka 26 sindidzazithanso. Ndimazimva kuwawa ndikamva wina akuimba Brahms bwino. Malipiro nawo si a munthu wofuna kulemera, ndipo pa tchuthi m'malo ena salipira. Makolo ena amaona ngati ndinu wolera ana. Zonsezo ndi zoona, ndipo ndinasankhabe kukhala.

Chaka chatha mnyamata wina amene ndinamuyambitsa ali ndi zaka 6 anandiitana ku konsati yake yomaliza koleji. Ali mwana ankagwira uta ngati khasu, ndipo tinatha teremu yonse tikungokoka nsambo zosagwira, ine ndikumuuza mawu a agogo aja m'Chingerezi chosakwanira. Usiku umenewo atayamba gawo lodekha la nyimbo yake, ndinaona chigongono chake chikuyenda momasuka, uta ukunyengerera nsambo, ndipo ndinaona khonde la ku Dedza. Agogo anamwalira asanaonepo vayolini.

Tsono yankho lanu. Ivomereni ntchitoyo, koma pemphani masiku atatu kapena anayi pa mlungu, osati asanu. Ola loyamba la m'mawa likhale lanu, masikelo ndi Bach, musanakumane ndi mwana aliyense, chifukwa madzulo simudzatha. Lembetsani dzina lanu pa mndandanda wa oimba ongoitanidwa okestra ikapereweredwa, ndipo mpando ukatseguka kayeseninso kachinayi. Pezani anzanu atatu mupange quartet. Pezaninso mphunzitsi wa ana amene wakhalitsa pantchitoyi mukakhale kumbuyo kwa kalasi lake masiku angapo, chifukwa digiri yanu sinakuphunzitseni kuika vayolini ya kota paphewa la mwana. Musanasaine, afunseni kuti ana adzakhala angati pa gulu limodzi, phunziro ndi la mphindi zingati, mavayolini alipo angati ndipo ndi a misinkhu yanji, komanso nsambo zikaduka amagula ndani. Akakuyankhani mundilembere, tidzaone limodzi za teremu yoyamba.